Wotapa Mapazi pa Esiteti

Dzuwa litapendeka, Alinafe ankasoka fodya m'chigafa atakhala pachitsa, poti kuwerama kunali kutamukanika. Mimba yake inali ya miyezi isanu ndi itatu. Pofuna kudzuka, patapata anakana kulowa kuphazi. Mapazi anali atatupa mpaka kuwala, ndipo atadinikiza ndi chala, kadzenje kanatsala pomwepo.

Rejoice, mkazi wa tenanti mnzawo, anasiya kusoka.

"Mwayamba liti kutupa chonchi?"

"Sabata yathayi."

"Ndi mmene anayambira Lines."

Pa esiteti imeneyi, kuseri kwa Nachisaka, amayi awiri apakati anali ataikidwa m'manda dzinja lomwelo. Lines anatupa nkhope, nadandaula mutu, kenaka anagwa n'kumaphupha ngati nkhuku yodulidwa khosi. Mariya anatsatira chimodzimodzi, mwana ali m'mimba. Kuchitsime anthu ankanong'onezana kuti pali wina amene akutapa mapazi. Ankati amalondola pomwe mayi wapakati waponda, n'kutapa dothilo kukalimanga pakansanza.

Apongozi ake a Alinafe, a Nachisale, ankakhala nawo nyumba imodzi. Iwo ndiwo anabwera ndi mawu a kwa sing'anga: mtsikanayu asapondenso panja mpaka atachira.

"Nanga kusikelo, amayi?" anafunsa Gideoni, mwamuna wa Alinafe.

"Njira yakusikeloyo ndi imene amatapirako. Ukufuna uike mkazi?"

Gideoni anagonjera amayi ake. Chitseko chinayamba kumangidwa ndi waya kunja. Pazenera anatchingapo saka. M'nyumbamo munangotsala mdima, fungo la fodya wosauma ndi chidebe chodzithandizira pangodya.

Masana, anthu onse ali kumunda, Alinafe anayamba kumva tsache. Linkasesa pang'onopang'ono, kuzungulira nyumba, n'kudzaima pakhomo penipeni. Pansi pa chitseko pankalowa fungo la dothi lofukulidwa kumene.

"Ndani?"

Kunkangomveka munthu akupuma, mphuno itagunda thabwa.

Mutu unayamba kumuwawa ngati wina akukhomamo msomali. M'maso munkathwanima tiziphaniphani ngakhale atatsinzina. Pansi pa nthiti, kumanja, pankabaya. Madzulo ena anagwira malaya a mwamuna wake ndi zala zosapindika.

"Bambo, nditulutseni muno. Ndifa."

"Pirira pang'ono. Amayi akuti kwatsala pang'ono."

"Nkhope yanu sindikuiona bwino."

Kutacha, Gideoni anadzidzimuka ndi phokoso la chidebe chogubuduzika. Alinafe anali pansi, akuphupha, thovu la magazi lili kukamwa. Gideoni anathamanga kukabwereka ngolo kwa kapitawo. Pobwera anapeza amayi ake ataima pakhomo, manja atatambasula.

"Ukamutulutsa, usadzandifunse kanthu."

Anawakankhira pambali, nanyamula mkazi wake mosamala kuti chidendene chisakhudze pansi. Mvula inali itagwa kumapiri, mtsinje utadzaza, ndipo ng'ombe zinakana kulowa m'madzi. Anadikira pagombe, Alinafe akukomoka n'kumatsitsimuka pamiyendo ya Rejoice, amene anawaperekeza. Anawoloka dzuwa lili pamutu.

Kuchipatala cha ku Mtengowanthenga anamuthamangitsira mkati. Patapita nthawi namwino anatuluka.

"Magazi awo akuthamanga kwambiri. Matendawa amagwira amayi apakati. Kutupa, mutu, kuona nyenyezi, zonsezo zinali kukuchenjezani. Kusikelo tikanaziona kale. Bwanji simunabwere nawo?"

Madokotala anamuchita opaleshoni Alinafe, ndipo anapulumuka pamodzi ndi kamwana kakamuna kochepetsetsa. Anakatcha Mayeso.

Mawa lake Gideoni anabwerera kukatenga zovala, mtima uli m'malo. Ankati zonse zija zinali matenda basi. Pofunafuna nsalu, anasuntha mphasa ya amayi ake, napeza kadzenje kovundikira ndi mbale. Fungo la dothi lofukulidwa kumene linamumenya kumaso. Mkatimo munali timfundo titatu ta dothi. Kamodzi kanali ka nsalu ya Alinafe. Tiwirito anatizindikiranso, poti Lines ndi Mariya anawaonapo atavala nsalu zimenezo. Pansi pake panali kansanza kachinayi, kopanda dothi, kodulidwa ku shawelo yatsopano ya mwana.

A Nachisale analowa ndi mtolo wa nkhuni, nautsitsa osafulumira.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Ndinatapa ndekha kuti ena asatape. Ndinkamusunga mkazi wako."

"Nanga awiriwa munkawasunganso?"

Gideoni anatukula kachinayi kaja.

"Nanga aka?"

Mayiwo anamuyang'ana m'maso.

"Ameneyo sanayambe kuyenda."

Gideoni anathamanga kukaitana anthu. Pomwe ankabwera nawo, m'nyumba munalibe munthu, ndipo kansanza kachinayi kanali katapita. Anakafunsa kumudzi kwawo ku Ntchisi, koma kumeneko anati sanawaone.

Banjali likadali pa esiteti yomweyo, poti kwina kopita lilibe. Mayeso wakwanitsa chaka ndi miyezi. Ana anzake akuthamanga kale pabwalo. Iye akagwirira khoma, n'kuloza panja akulira, Alinafe amayang'ana uku ndi uku, n'kumunyamula kumubereka kumbuyo, nsalu n'kuimanga kawiri.