Mantha Anayi pa Khoma la Zelifa

Chilembo choyamba Zelifa anachipeza Lolemba m'mawa akukayanika nandolo. Chinali pa khoma la kuseri kwa nyumba yake ku Nkhulambe, cholembedwa ndi makala, timizere topiringizana ngati mapazi a nkhuku pamatope. Zilembo zotere ankazidziwa munthu mmodzi, Tobias, mwana wake yekhayo, amene anali ku China chaka chachitatu kuphunzira chinenero cha kumeneko.

Anachijambula pa foni n'kumutumizira. Yankho linabwera pompo, lochita kulemba.

"Liwu limeneli ndi jing, Amayi, mawu akalekale. Ndi mantha ongodzidzimuka. M'munsi mwa chilembocho muli kavalo amene wajowa."

"Nanga walemba ndani pakhoma panga?" anafunsa Zelifa. Tobias sanayankhe, ndipo atamuimbira foni sinalowe.

Zelifa si mayi wamantha, njoka amapha yekha. Koma usiku umenewo, mphepo ya kuphiri itangoti zii, anamva kukwecha kuseri kuja, khwee, khwee, pang'onopang'ono ngati dzanja lotopa. Anatuluka ndi tochi. Panalibe munthu, ngakhale phazi pafumbi limene anasesa madzulo. Kutacha panali chilembo chachiwiri.

"Ili ndi khong," analemba Tobias. "Kuopa chinthu chimene sichinafike. Mtima uli pansi, wapsinjika."

Mbiri inawanda mudzi wonse. Ena ankati ndi nsanje, poti mwana wa mayi wamasiye wakwera ndege. Ena ankaloza ogula nandolo a ku Chiringa. Aliness, mlamu wake, anabwera n'kuima patali ndi khomalo.

"Alamu, tafufutani zimenezi," ananong'ona. "Zikuitana zoipa pakhomo pano."

"Ndifufute bwanji, poti ndi zokhazi zikumuyankhulitsa mwana wanga?"

Usiku wa Lachiwiri kukwecha kuja kunatenga nthawi yaitali, kumaima, kumayambanso. Zelifa anagona chagada, maso ali gwa, mtima uli m'mwamba. Kutacha panali chilembo chachitatu.

"Ili ndi jyu," linatero yankho la m'mawa. "Chinthu chija chafika, ukuchiona. Taonani, muli maso awiri."

"Chinthu chiti, mwanawe? Imba ndimve mawu ako."

Foni inangoti duu tsiku lonse. Zelifa sanadye, nandolo anaiwala padzuwa mpaka mbuzi zinam'thandiza.

Chilembo chachinayi chinali chaching'ono, chofooka, cholembedwa m'munsi kwambiri ngati wolembayo anagwada.

"Ili ndi wei. Si mantha othawa nawo. Ndi kuopa wamkulu wokuposa, amene ukaima pamaso pake umangoweramitsa mutu. Awa ndi abwinoko, Amayi."

Masana a tsiku lomwelo foni inalira, nambala yachilendo. Anali Gift, Mmalawi mnzake wa Tobias kusukuluko.

"Amayi, pepani, nambala yanu ndaipeza lero. Tobias anagundidwa ndi galimoto Lamulungu. Ali kuchipatala, sanatsitsimukebe."

"Bodza! Wandilembera m'mawa womwe uno!"

Gift anati, "Amayi, foni yake inaphwanyikira pamsewu pomwepo. Zidutswa zake ndili nazo ine."

 Masiku anayi onsewa Zelifa ankayesa kuti wina akumuopseza, osadziwa kuti ndi mwana wake amene akuopa, yekhayekha kutali uko, n'kumawauza amake m'mawu amene anali nawo. Chisoni chinamugwira kuposa mantha.

Madzulo anasankha khala labwino, lalitali, n'kuliika m'munsi mwa khoma. Anayala mphasa m'kati pafupi ndi khomalo, khutu lili tcheru, kupempha Mulungu kuti kukwecha kuja kumveke. Anamva nkhululu, anamva galu wa kwa Aliness, anamva tambala woyamba ndi wachiwiri.

Kutacha zilembo zinali zinayi zomwe zija, khala lili pomwe analisiya. Ali chiimire choncho, foni inayamba kulira m'nyumba. Zelifa anagwira khoma ndi manja onse awiri, n'kuisiya foniyo ilire, poopa kumva uthenga wake.