Sopo Pabowo la Bwato

Choboolera chitatsetsereka m'manja mwa Lestina, mtima wake unangoti myuu. Bowo linali litatulukira m'munsi, pamene madzi amafika bwato likayandama.

Cholinga chinali chabwino ndithu. Bambo ake, a Fabiano, ankagwira ntchito yochotsa udzu padamu la esiteti, pakati pa minda ya tiyi, ndipo akaweruka ankawedzako nsomba. Ndodo yawo ya mbedza inkangogwera m'madzi. Ndiye Lestina, mwana wa Fomu 2 wodzimva ukatswiri, anabwereka choboolera kwa a Hopeson a kuwekishopu kuti amangirire kapaipi koikamo ndodoyo m'mbali mwa bwato la pulasitiki la bambo akewo. Zopempha chilolezo ayi, iye ankafuna kuwadabwitsa bambo akewo.

Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anachita zimene amayi ake amachita ndowa ikamadontha: anamata sopo pabowopo, n'kupakapo matope kuti pasaoneke.

M'mawa mwake a Fabiano ataona kapaipi kaja anamwetulira.

"Wachita izi ndiwe, mwanawe? Komatu uli ndi mutu."

"Eya, ababa," anayankha Lestina, maso ali pansi. Nkhani ya bowo lija anaibisa. Bambo akewo sankayamikira munthu mwachisawawa, ndipo iye anachita nako umbombo kuyamikirako.

A Fabiano anakankha bwato n'kuyamba kupalasa. Lestina anatsala m'mphepete. Damulo linali lakuya, ndipo bambo ake kusambira sankakudziwa. Chapafupi, azimayi othyola tiyi ankayandikira, madengu ali kumsana. Iye akangofuula, nkhani yake ikhala ndiwo m'malayini monse mwa antchito dzuwa lisanalowe.

Kenako anaona kathovu koyera kakutsatira bwato m'mbuyo. Sopo uja anali atayamba kusungunuka. Manyazi onse anathera pomwepo, kunatsala mantha okhaokha.

"Ababa, bwererani! Ndinaboola pansi, ndinangomatapo sopo!"

Azimayi aja anaimika manja. A Fabiano anayang'ana kumapazi kwawo, n'kutembenuza bwato mwachangu. Linkayenda molemera, ngati ng'ombe yotopa. Pamene linkagunda kumtunda, madzi anali atamiza akakolo awo.

Sanakalipe. Anagadabuza bwatolo n'kupisa chala pabowo paja, chinalowa bwinobwino. Anayang'ana pakati pa damu kwa nthawi yaitali, kenako anatembenukira mwana wawo, amene tsopano ankalira mosabisa.

"Ukanangokhala chete pang'ono pokha," anatero motsitsa mawu, "amayi ako ukanakawauza kuti chiyani?"