Kanyerere Ayendetsa Ababa M'sitolo

"Mabisiketi awa alowa bwanji m'dengu?"

"Agweramo okha."

"Okha? Ali ndi miyendo?"

Wofunsayo anali Kanyerere. Woyankhayo anali bambo ake. Anali m'sitolo yaikulu. Kanyerere anali atatopa nawo.

Adokotala anati Ababa asiye zotsekemera. Akapanda kusiya, adwala. Kanyerere sankafuna kuti Ababa adwale.

Polowa m'sitolo, Ababa analonjeza okha. Palibe anawakakamiza. "Lero maswiti ayi," anatero. "Mabisiketi ayi."

Kanyerere anabweza mabisiketiwo. Anatembenuka. M'dengu munali chokoleti!

"Ababa!"

"Si ine, mwanawe. Ndi manjawa. Samva."

Kanyerere anabweza chokoleticho. Anapumira m'mwamba. Anaganiza. Anaganizanso.

"Manja osamva amafuna ntchito," anatero. "Ndinyamuleni paphewa. Dzanja ili ligwire mwendo uwu. Dzanja ilo ligwire mwendo uwo. Mukasiya, ndigwa."

Ababa anayang'ana manja awo. "Chabwino. Ndavomera."

Dengu Ababa analikoloweka m'khosi. Kanyerere anakwera. Anagwira khutu la Ababa.

"Kumanja!" Ababa anapita kumanja.

"Njutani!" Ababa ananjuta. Kanyerere anatola matimati.

"Kumanzere! Njutani!" Anatola kabichi. Anatola nthochi. Anatola nyemba.

Anafika pa mabisiketi. Ababa anaima. Anayang'ana mabisiketiwo.

"Mphuno ikundiyabwa," anatero. "Ndisiye mwendo umodzi?"

"Iyabwe. Tiyeni!"

Koma pamwamba panalinso zinthu. Panali maswiti ofiira. Anali pafupi ndi mphuno ya Kanyerere. Ababa sankawaona. Palibe ankaona.

Kanyerere anameza malovu. Dzanja lake linauyamba ulendo. Linapita. Linapitabe.

"Iii! Nanenso manja anga samva!"

Msangamsanga anawapatsa ntchito. Dzanja ili, khutu ili. Dzanja ilo, khutu ilo. Anagwira zolimba.

"Mayo ine! Makutu anga!"

"Musaime, Ababa! Fulumirani!"

Ababa anafulumira. Dengu linkawamenya pamimba. Phu! Phu! Phu!

Mayi wolandira ndalama anaseka mpaka misozi. "Iwe mwana, bulu ameneyu unamugula kuti?"

"Ngwakwathu," anatero Kanyerere. "Ngwovuta, koma amayesetsa."

Kunyumba, Amayi anakhuthula dengu patebulo. Matimati. Kabichi. Nthochi. Nyemba. Maswiti munalibe. Mabisiketi munalibe.

Amayi anaomba m'manja. "Mwaona? Nkhani ndi kudziletsa basi. Muzitengera ine."

Onse anakhala pansi. Aliyense anasenda nthochi yake. Ababa ankadya uku akusisita makutu. Kanyerere anawakhala pamwendo. Mtima wake unakhala m'malo.

Kenako anayang'ana Amayi. Anawayang'anitsitsa.

"Amayi, chokoleti chili pamlomo panucho chachokera kuti?"