Usatseke, Ndili Panjira

Izi zinachitikadi, kwa Chezi, m'chigafa cha fodya cha malemu a Yeremiya, masanasana anthu ali maso. Wokayika akafunse a Abrahamu, mkulu wa mpingo, munthu wosadziwa ndi fungo la mowa lomwe. Analipo.

A Yeremiya anali mlimi wa fodya wokonda nyimbo zimene alimi anzawo ankati ndi phokoso. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankapachika wailesi yawo pamsomali m'chigafamo, n'kutsegula pulogalamu ya nyimbo zakale za azungu, zija za magitala olira ngati macheka ndi ng'oma zogunda m'chifuwa. Chingerezi sankachidziwa, koma zimenezo sizinkawaletsa. Chimene khutu lawauza, ankachiimba m'Chichewa. Panali nyimbo imodzi imene woimba wake akafika pakati ankakuwa mawu ena ake, iwo n'kumakuwa naye limodzi: "Usatseke, ndili panjira!"

Mwana wawo Yohane anakula akudziwa kuti nyimboyo imatero. Atapita kukoleji ku Lilongwe anaipeza pa foni, n'kuwerenga mawu ake enieni. Munalibe chitseko, munalibe njira. Mzunguyo ankangodandaula za galimoto yake.

Pa holide, pamaso pa aganyu osoka fodya, Yohane anaseka. "Bambo, zaka zonsezi mwakhala mukumunamizira mzunguyu." Aganyu anaseka nawo. Iye anang'amba pepala m'kope, n'kulembapo mawu olondola a Chingerezi aja ndi zilembo zikuluzikulu.

A Yeremiya analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la malaya awo a kutchalitchi. "Zikomo, aphunzitsi," anatero. Kuyambira tsikulo mzungu ankaimba yekha. Iwo ankangomvera, milomo ili pamodzi. Mu Febuluwale anadwala masiku anayi, n'kupita.

Yohane anabwera kumaliro ndipo sanabwererenso kusukulu. Anthu ankati watsalira fodya amene anali m'chigafa, iye n'kumangovomera. Koma chinkamufoola si fodya. Ankayesa kukumbukira bambo ake akuimba, osatheka. Chimene chinkabwera m'khutu ndi "Zikomo, aphunzitsi" basi, m'mawa, masana, pogona. Anali atatopa ngati munthu wosenza thumba lonyowa.

Pogawa katundu wa malemu, wailesi inagwera a Vinsenti, mng'ono wawo wa ku Ntchisi, amene anati adzaitenga Lolemba. Amayi a Yohane anachotsamo mabatire n'kuwaika mu tochi.

Lamulungu lake kunacha ndi chifunga chotsika m'mapiri, ndipo fodya anafewa bwino. Yohane anakhala m'chigafa akusankha masamba. Cha m'ma fili koloko a Abrahamu analowa, Baibulo kukhwapa.

"Iwe, fodya sathawa. Sukulu wasiya, tchalitchi wasiya. Watsala kusiya chiyani?"

"Kupuma, madala. Koma kukungochitika kokha."

A Abrahamu anatsegula pakamwa kuti amudzudzule, n'kuima. Nkhuku zimene zinkapalasa pakhomo zinali zitakhala chete. Fungo la fodya linachepa. Kunabwera lina, la malaya ongositidwa kumene ndi nsimbi ya makala.

Wailesi inatsokomola pamsomali paja.

Kenako gitala.

"Waikamo mabatire?" ananong'ona a Abrahamu.

"Ali mu tochi."

Kachitseko ka mabatire kanali kotsegula. M'kati munali fumbi la fodya.

Nyimbo inali yomweyo. Mzungu anaimba ndime yoyamba yonse. Pofika pakati paja, mawu ake anazimiririka. Panatsala ng'oma. Ndipo pansi pa ng'omayo panamveka pepala likufunyululidwa.

Wina anakonza kukhosi.

Anali mawu a munthu wamkulu, otsika, amanyazi. Ankawerenga Chingerezi. Liwu limodzi. Kuima. Lachiwiri. Lachitatu linamukanika. Anayambiranso. Linamukanikanso.

A Abrahamu anavula chipewa. "Yeremiya," anatero, osati moitana.

Yohane anakumbukira. Malaya a kutchalitchi aja ndi amene anawaveka bambo ake m'bokosi. Palibe anapisa m'thumba.

Miyezi yonseyi. Akuyeserabe.

Yohane anaimirira. Masamba anagwa pamiyendo pake. Anayandikira msomali uja mpaka mpweya wake unagunda wailesi.

"Bambo."

Kuwerenga kunaima.

"Lisiyeni pepalalo. Wolakwitsa ndine. Imbani zanu zija."

Zii. Ng'oma yokha, ikugunda, ikugunda.

Ndiye Yohane anayamba kuimba yekha, ngati mwana wa Sande sukulu. "Usatseke..."

Wailesi inalandira, mokweza, mopanda manyazi, mophonya pomwe a Yeremiya ankaphonya kale: "Ndili panjira!"

Inazima pomwepo. Kunja tambala analira, ndipo fungo la fodya linabwerera.

A Abrahamu anakhala pa belo la fodya. Potuluka anaiwala Baibulo lawo. Mpaka lero mukawafunsa satanthauzira. Amangoti, "Ndinamva. Zinazo musandifunse."

A Vinsenti anadzaitenga wailesi Lolemba monga ananenera. Anagula mabatire atsopano, anapita nayo kwa okonza awiri. Siinalirenso.

Yohane anawafotokozera amayi ake madzulo a Lamulungu lomwelo, dzuwa likulowa, iwo ataima pakhomo kuti atseke chitseko, nkhuku zisalowe m'nyumba. Anamvetsera zonse, dzanja lili pachitseko.

"Ndiye ukuti ankangoimba," anafunsa, "kapena amatiuza?"

"Sindikudziwa, amayi."

Mayiwo anayang'ana kanjira kotsikira kumanda. Chifunga chinali chitayambanso kukwera.

Kenako anawerama, anatola mwala, n'kuchirikiza chitseko kuti chisatsekeke.