Chilembo cha pa Nkhokwe Yathu

"Ndiwe woyamba kubadwa, Ingunn. Munda ndi wako, ufune usafune."

"Ndiye mungondikwatitsa kwa ng'ombezo, bambo, nkhani ithe."

Tinakangana choncho tsiku limenelo, ine nditangomaliza sukulu, mtima uli kale kumzinda wa Bergen kumene bwenzi langa Eilif ankandidikira. Zotsatirazi sindikupeka. Mng'ono wanga Tordis analipo, a Halvard oyendetsa galimoto ya mkaka anaziona, ndipo bokosi la m'nkhaniyi ndili nalo kuno ku Bergen.

Pamtanda wa pamwamba pa chitseko cha nkhokwe yathu panali chilembo chosema: kampanda ka ngodya zinayi koima pa miyendo iwiri. Bambo amati dzina lake ndi Odal, kutanthauza nthaka yosiyiridwa ndi makolo, ndipo anthu ankachisema matchalitchi asanafike m'zigwa zathu. Kwathu wolowa munda amachikhudza ndi chala, n'kunena mokweza kuti waulandira. Titatha kukangana, ine ndinatenga mpeni wa bambo, n'kuchipala mpaka mtengo kuyera.

Munali mu Disembala, mdima unagwa cha m'ma 3 koloko masana monga umachitira kwathu m'nyengo yozizira. Ndikulongedza zovala m'bokosi langa lamatabwa, ndinamva fungo la utomoni wa paini, ngati wina wangogwetsa mtengo m'chipindamo. Ng'ombe m'khola zinangoti zii. Kenako panja: kwee, kwee. Mpeni pamtengo, wosafulumira.

Ndinkati ndi bambo akusemanso. Koma bambo anali kukhitchini ndi a Halvard, khofi akuzizira m'manja mwawo.

Ine ndi Tordis tinatuluka ndi nyali. Pachipale chofewa chimene chinakuta pabwalo panalibe phazi la munthu. Mtanda unali woyera monga ndinausiyira. Phokoso lija tsopano linali kumbuyo kwathu. M'nyumba.

Tinakapeza bambo ndi a Halvard ataima pakhomo la chipinda changa. Pachivundikiro cha bokosi panali kampanda kaja. Mwendo umodzi unali utatha. Tizipalo tinali pansi, tofunda.

A Halvard anavula chipewa. "Chikudikira yankho," ananong'ona.

Bambo anandiyang'ana. Ndinadziwa kuti ndikangovomera, sitima ya ku Bergen idzanyamuka popanda ine, chaka chino ndi zaka zonse.

Kwee. Mwendo wachiwiri unayamba kutsika tikuona. Panalibe mpeni. Panalibe dzanja.

Kwee.

Apo Tordis anandikankhira pambali. Tordis amene ankadzukira ng'ombe m'bandakucha ine ndikulota za m'tauni, amene ankazidziwa zonse mayina, amene ndinkamuseka kuti amanunkha khola. Anagwada, n'kuika chala pachilembocho. Kusemako kunaima, ngati kukumvetsera, ndipo mwendowo sunathe mpaka lero.

"Bambo," anatero, "ine simunandifunsepo. Mundawu ndikuufuna. Ndakhala ndikuufuna kuyambira kalekale."