Elesi Wakana Kutsika

Anthu odula mitengo anafika pakhomo pa a Dyton m'komboni ya Matero dzuwa la Okutobala litangoyamba kulasa, koma anapeza mtengo wa mango uli ndi mwini wake kale. Elesi, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, anali atakhala pa nthambi ya pamwamba penipeni, miyendo ili lendelende, chitenje atachikulunga ngati kabudula.

"Tsika, iwe!" anakuwa mayi ake, a Sophia, manja ali m'chiuno. "Msinkhu wonsewo ukukwerabe mumtengo? Sunamve kuti namwali akakwera, mango onse amachita mphutsi?"

"Nanga si mukuudula, Amama? Mphutsizo zikuvutani chiyani?"

Ha! Mwana ameneyu pakamwa anali napo. A Sophia anangoti kukamwa yasa, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali wina amene wamva. Ndipo analipo ambiri, poti ku Matero nkhani siifuna kuitanira anthu. Amayi ochokera kumpopi anatula zidebe, ana anakwera pampanda, aliyense khosi gada kuyang'ana m'mwamba.

Nkhani yake inali iyi. Fakitale yosoka matumba kumene a Dyton, bambo ake a Elesi, anagwirako ntchito chiyambire unyamata wawo inali itatsekedwa chaka chathachi, monga mmene ankatsekedwera mafakitale ambiri masiku amenewo. Ufa unkakwera mtengo ngati ukuthamangitsidwa. Tomato amene a Sophia ankagulitsa pamsewu sakanatha kusenza banja lonse. Ndiye a Dyton anaganiza zomanga kachipinda kakuti munthu azichita lendi, ndipo malo okha otsala pabwalo anali pamene panaima mtengowo. Anapangana ndi a Obed, kalipentala wa ku komboni ya George, kuti adzaudule akasemere mitondo ndi mipando.

Koma mtengowo sunali mtengo wamba ayi. Anaudzala ndi agogo Isaiah, bambo awo a a Dyton, amene anachokera ku Ntcheu kudzafuna ntchito, bango la kwawo lili m'thumba. Iwo ndiwo anasiya lamulo lakuti chaka chilichonse pasapezeke munthu wolawa mango mpaka bango loyamba litapsa n'kugwa lokha. Likagwa, banja lonse linkakhala pamphasa pansi pa mtengo, mwini khomo n'kulicheka tizidutswa, aliyense kake. Ngakhale Betty, mkulu wake wa Elesi amene anakwatiwa ku Chawama, ankabwera chifukwa cha kachidutswa kameneko. Chaka chino mango anali akadali aawisi, olimba gwa, ndipo Jameson, mlongo wake wa Elesi, anali atapeza ntchito pa lole ya ku Nakonde. Ankanyamuka mvula ikayamba. Elesi ankadziwa kuti mtengo ukagwa lero, mphasa ija sidzayalidwanso.

A Obed anatsamiritsa sowo yawo yaitali kukhoma n'kupukuta thukuta.

"Ba Dyton, manje tichite bwanji?" anafunsa m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Ise tili na vinthu vambiri vochita. Uyu mwana ni wanu kapena ni wa mtengo?"

Anthu anaseka. Wina anati amugende, wina anati afukize tsabola pansi, atsika yekha akuyetsemula. Anthu a malangizo sasowa, makamaka mwana akakhala wa eni ake.

A Dyton anatuluka m'nyumba pang'onopang'ono. Anali munthu wosachuluka mawu, ndipo ana awo ankaopa kukhala chete kwawoko kuposa kukalipa kwa mayi awo. Anavula chipewa chawo, n'kuyang'ana m'mwamba.

"Elesi, tsika."

Chibadwire Elesi anali asanawakanirepo bambo ake kanthu.

"Sinditsika, Atate."

Jameson, amene anaima pakhomo, anagwira mutu. Aliyense ankadikira kuti a Dyton avula lamba, koma iwo anawerama n'kuyamba kumasula nsapato zawo za kufakitale, zimene ankazipukutabe m'mawa uliwonse ngati pali kopita. Anaziika pambali bwinobwino, chipewa pamwamba pake, n'kukumbatira tsinde la mtengo.

"Atate ake a Jameson, mwapenga?" anakuwa a Sophia. "Wina ali m'mwamba, inunso mukufuna mukathyoke msana? Mayo ine, ndinalakwa chiyani pakhomo pano!"

Koma iwo anali atayamba kale kukwera.

Elesi anali asanawaonepo bambo ake kuchokera pamwamba. Nthawi zonse iye ndiye ankayang'ana m'mwamba kuti awaone nkhope. Lero anaona dazi pakati pa mutu, imvi zitalizungulira mbuu. Anaona mikono ikunjenjemera, ndipo anamva kupuma kwawo, wefuwefu, asanafike n'komwe pa mphanda yachiwiri. Kodi anthu awa si omwe aja ankamunyamula ndi dzanja limodzi n'kumukhazika pa nthambi? Akalamba liti? Mantha anamugwira, osati a lamba, koma ena amene analibe dzina.

Phazi la a Dyton linaterereka, khungwa n'kugwera pansi. Anthu anakuwa. Elesi anatsetsereka msangamsanga n'kuwagwira pamkono.

"Pondani apo pali mfundopo, Atate. Ayi, mwendo winawo. Eya, gwirani apa tsopano."

"Ukundiphunzitsa ine?" anatero a Dyton akupumira m'mwamba. "Mfundo imeneyi ndinakuonetsa ndine."

Anafika pa nthambi yaikulu n'kukhala, msana atatsamira tsinde. Kamphepo kankawomba kumtundako, ndipo Matero yense anali pansi pawo: madenga a dzimbiri opanikizidwa ndi miyala, fumbi lofiira, mzere wa anthu pa sitolo ya ufa. Patali pankaoneka machumuni a mafakitale, ali njo, opanda utsi.

"Ilo lachitatu kuchokera kumanzere ndilo la fakitale yathu," anatero a Dyton akuloza ndi chibwano. "Ndinkakwera muno ndili mnyamata kuti ndione ngati likufuka. Ndinkati ndikadzakula ndidzagwira ntchito kumeneko mpaka kufa." Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Ukuganiza kuti ine ndikukondwera, Elesi? Mtengo uwu ndi wa bambo anga."

"Nanga bwanji mukuudula?"

"Azakhali ako anabwera sabata yatha. Akuti akupezera malo kwa anthu ena olemera ku Kabulonga, uzikalera ana. Akuti sukulu uisiye, poti yatikanika. Ine ndinawauza kuti mwana wanga sachapa matewera a eni ake ndili moyo. Chipinda chimenechi ndiye sukulu yako."

Elesi anachita manyazi, manyazi enieni, moti anafuna kuti nthambi ithyoke angogwa. Iye ankaganiza kuti akulimbana ndi bambo ake, osadziwa kuti bambo akewo akulimbana ndi dziko lonse chifukwa cha iye. Misozi inalengeza, koma khosi lake louma lija silinafewe lonse.

"Ndamva, Atate. Dulani. Koma osati lero. Dikirani bango loyamba. Achimwene a Jameson akupita, a Betty anapita kale, ine mukuti ndakula. Tikapanda kukhala pamphasa chaka chino, tidzakhalanso liti?"

"Tikadikira, mvula itipeza tilibe denga. Njerwa zadothi zimasungunuka, mwana iwe. Ndipo a Obed akakwiya sabweranso."

"Njerwa ndiumba ndine. Zikasungunuka ndiumbanso."

A Dyton anatambasula dzanja n'kugwira bango limodzi lobiriwira, kulitembenuza uku ndi uku osalithyola. Anayang'ananso machumuni aja nthawi yaitali.

"Fakitale anatseka osatifunsa," anatero ngati akulankhula okha. "Ufa anakweza osatifunsa. Mwana wanga akupita ku Nakonde, njala sinandifunse. Chilichonse chikungotithamangitsa ngati nkhuku." Kenaka anawongoka, n'kukuwa ndi mawu amene Elesi anali asanawamve chitsekereni fakitale. "A Obed! Nyamulani sowo yanu! Mtengo uwu ugwa, koma tsiku lake nditchula ndine!"

"Ba Dyton, muli serious?" anatero a Obed. "Mwakwera kukatenga mwana, manje naimwe mwakana kuseluka?"

"Mwamva bwino. Bwerani tikadya bango loyamba."

A Obed ananyamula sowo akung'ung'udza kuti anthu a ku Malawi ndi ovuta. A Sophia anawomba m'manja kamodzi, n'kunena kuti tsopano adziwa kumene mwanayo anatengera khosi.

Masabata otsatirawo anali otentha koopsa, koma Elesi sadzawaiwala. Akaweruka kusukulu ankavula yunifolomu n'kulowa m'dothi, iye kuponda, Jameson kuumba, mpaka manja anachita matuza. Dzuwa likapendeka onse ankakhala pansi pa mtengo, popanda wowaitana. A Sophia ankasankha tomato wa mawa, a Dyton ndi Jameson ankasewera nsolo pa maenje okumba pansi, akunamizirana kuba. Kale Elesi ankaona ngati kukhala ndi makolo n'kotopetsa, ankathawira kwa anzake. Tsopano ankamvetsera chilichonse, ngakhale nkhani za kufakitale zimene anazimva kambirimbiri. Ankayang'ana mango m'mwamba, mtima uli pawiri: kufuna kuti apse, ndi kufuna kuti asapse.

Chakudza sichiimba ng'oma. Loweruka lina masana, mitambo itayamba kusonkhana chakum'mawa, anangomva kuti phu! Bango linali pansi, lachikasu mbali imodzi, fungo lake lokha lokwanira kukhuta. Jameson anathamanga kukakwera minibasi ya ku Chawama, ndipo anabwerera ndi Betty, khanda lili kumsana.

Mphasa inayalidwa. A Dyton anatsuka bango lija, anapemphera mwachidule, n'kutenga mpeni. Koma anaima. Anautembenuza n'kupereka chigwiriro kwa Elesi.

"Cheka iwe. Ukanapanda khosi lakoli, bwenzi pano pali chitsa."

Elesi anacheka mosamala: cha Atate, cha Amama, cha Betty, cha Jameson, chake, ndi kakang'ono kopaka pamilomo ya khanda, limene linakwinya nkhope anthu onse n'kufa nazo kuseka. Tizidutswato tinali tating'ono, tosati n'kukhutitsa ngakhale mbewa, koma palibe anafulumira kumeza. Njere a Sophia anaitenga mwakachetechete, n'kukaikwirira m'chitini chakale cha mafuta ophikira.

Asanapinde mphasa, mvula inafika. Inagwa yamkuntho, ndipo ngakhale anathamanga ndi mapepala apulasitiki ndi masaka, mulu umodzi wa njerwa unasanduka phala. Elesi anaima pamvula akuyang'ana ntchito ya manja ake ikuyenda ndi madzi. Bambo ake sananene kuti ndinakuuza. Iyenso sanalire. M'mawa mwake anali m'dothi kachiwiri.

Jameson ananyamuka Lolemba, kachikwama kali paphewa. A Obed, ngakhale ankadandaulabe, anabwera ndithu Lachinayi, poti mitengo yaikulu ngati umenewo inali itasowa m'komboni. Anazungulira tsinde n'kupukusa mutu.

"Uyu mtengo wapendamira ku nyumba. Tifunika kumanga nthambo pamwamba kuti tiudonsere uku. Manje ine na mimba iyi siningakwere."

A Dyton anatembenukira kwa mwana wawo.

"Elesi, kwera."

Elesi anayang'ana mayi ake. A Sophia anangomupatsa chingwe, za mphutsi osazitchula.

Anakwera pang'onopang'ono, akugwira mfundo iliyonse ngati akupatsana nayo moni. Pa nthambi yake ija anamanga chingwe mfundo ziwiri zolimba. Anathyola mango onse amene dzanja linafikira n'kumaponyera ana amene anali pampanda. Anayang'ana Matero kuchokera pamwamba komaliza, kenaka anatsika yekha, popanda womuitana.

Sowo inalira nthawi yaitali. Elesi anagwira chingwe kumbuyo kwa bambo ake, ndipo a Obed atakuwa kuti "Donsani!", anakoka ndi mphamvu zake zonse. Mtengo unalira, unapendama, n'kugwa kuti khuu, kutali ndi nyumba. Fumbi litatha, bwalo lonse linali mbee, dzuwa lili ponseponse pamene kale panali mthunzi.

A Dyton anaima pafupi ndi chitsa, manja ali lende, dzuwa likuwomba padazi paja. Sanasunthe. Elesi analowa m'nyumba, anatenga chipewa chawo, n'kudzawaveka yekha. Anadabwa kuona kuti sanafunikire n'komwe kunyanyamphira.

"Dzuwa likuwotchani, Atate," anatero. Kenaka anawerama n'kunyamula njerwa yoyamba. "Tiyambira pati?"