Modyulo ya malemu Davide

Madzulo amenewo Tusekile anali atavala kale jekete kuti akakwere takisi ya ku Jeppestown pamene alamu ya m'chipinda chozizira inayamba kulira. Iye ankayang'anira makompyuta panyumba ina yosungira mankhwala ku Marlboro, mumzinda wa Joni. M'chipindamo munali katemera ndi mankhwala a shuga, zinthu zoti zikangofunda, basi zatayika.

Vuto analiona msanga. Masana magetsi anathima, ndipo seva, kompyuta yaikulu yoyendetsa zonse, itayakanso, modyulo inakana kulowa. Modyuloyo ndi kapulogalamu kolumikiza makina oziziritsa ndi mtima wa kompyuta, umene amautcha kenelo. Anailemba ndi mwamuna wake, Davide, yemwe ankagwira ntchito pomwepo chibayo chisanamutenge chaka chatha.

Anzake onse anaweruka. Kunja kunada. Tusekile anamanga modyulo mwatsopano n'kuilowetsa. Kompyuta inayankha kuti siikugwirizana ndi kenelo. Anamanganso. Inakananso. Pakhoma nambala ya kutentha inkangokwera.

Kenako anamva fungo la nachesi.

Manja anauma pamabatani. M'nyumba monsemo munalibe chipatso, koma Davide sankagwira ntchito osasenda nachesi. Mpando wakumbuyo kwake unalira, monga umalirira munthu akaukhalira.

"Amake Shalom," anatero mawu chapansipansi, "mwayamba mwaifunsa kenelo imene ikuyenda?"

Tsitsi linamuimirira. Sanacheuke. Ankaopa kuona chinthu, koma ankaopa kwambiri kupeza mpando uli wokha.

Anaifunsa seva. Zoonadi, poyakanso inali itadzukira pa kenelo yakale, pomwe iye ankamangira yatsopano.

"Phuma lanu lomwe lija," mawuwo anatero, mokhala ngati akumwetulira.

"Inunso mukanalemba bwino poyamba pomwe," anayankha Tusekile, misozi ili chuchuchu.

Anafufuza mafayilo a kenelo yakaleyo, nawapeza. Anayambanso kumanga. Mizere inkathamanga pasikirini, ndipo paphewa lake panali kampweya kofunda, ngati munthu wasendera kuti awerenge nawo. Itatha, analowetsa modyuloyo. Kompyuta inangoti zii, poti modyulo ikalowa bwino sinena kanthu. Kuseri kwa khoma makina anabangula. Alamu inaleka.

Anakhala choncho, maso ali kutsogolo.

"Shalom wagweluka dzino lakutsogolo," anatero Tusekile. "Akuti akufanana ndi inu pachithunzi chakusukulu chija."

Kumbuyo kunamveka kaphwete kaja kotulukira m'mphuno. Nayenso anaseka. Mpando unaliranso, fungo n'kuyamba kuzilala. Atalimba mtima n'kutembenuka, anangoona khoma.

Pageti, mlonda, a Friday a ku Mulanje, anamuunika ndi tochi, kenako n'kuunika kumbuyo kwake.

"Achemwali, mwatuluka nokha? Nanga amene mumaseka nawo aja?"

"Ndinali pafoni, achimwene."

"Eish. Foni yake iti? Suja munaisiya pano kuti itchajidwe?"

Nkhani inafala pakati pa amayi olongedza makatoni pantchitopo. Ena amati kunali kutopa chabe. Ena amanong'ona kuti munthu wofera ku Joni, ngakhale thupi lipite kumudzi, mzimu umatsalira pamene pali ake.

Abwana atamva za vutolo, anamuuza Tusekile kuti akonze zoti modyulo izidzimanga yokha kenelo ikasintha, kuti asadzachezerenso yekha usiku. Njira yake ilipo, ndipo iye amaidziwa bwino lomwe.

Mpaka lero sanaikonze.